Kokedama zanga zikusweka, ndere zafiira. Nanga kachere angakhale bonsai ali mu mpira?

Nachisale_wa_Maluwa

Moni nonse. Ndili ndi mafunso awiri. Ndinaumba kokedama, mipira ya dothi yokutidwa ndi ndere yobzalamo zomera, za spider plant (chomera cha masamba aatali owonda) ndi ina ya kachere wamng'ono wobzala kuchokera ku nthambi. Dothi ndinatenga la m'munda, n'kusakaniza ndi manyowa a ng'ombe, ndere ndinapala pakhoma la bafa, ndipo ndinamanga ndi ulusi wosokera. Tsopano mipirayo ikauma ikung'ambika, ndikaiviika m'madzi ikusanduka matope. Ndere zafiira, ulusi wayamba kuduka, masamba a kachere akusanduka achikasu n'kumagwa, ndipo mpira wake ukununkha. Ndalakwitsa pati?

Chachiwiri, ndimafuna kachereyo adzakhale bonsai, mtengo wosungidwa waung'ono mu mphika koma wooneka wachikulire. Kodi angakule ali mu mpira momwemo? Akadama ndi keto, mitundu ya dothi yomwe ndimawerenga, sindinazione m'masitolo. Ndili ku Lilongwe, madzi ndi a pamjigo, ndipo Juni uno kwazizira kale.

WakuNazale

Mayi Nachisale, vuto lalikulu ndi dothilo, ndipo fungo likuchokera ku manyowa. Manyowa otsekeredwa mu mpira wonyowa amapitiriza kuwola popanda mpweya, mizu nayo imavunda limodzi. Masamba akamagwa achikasu mpira uli wonyowa, musaonjezere madzi. Mtengowo sukumwa chifukwa mizu yafa.

Ku Japan amasakaniza dothi la mitundu iwiri, lililonse ndi ntchito yake. Keto ndi dothi lakuda lomata la m'madambo, lochokera ku bango ndi zomera zina za m'madzi zomwe zinawola kwa zaka zambiri. Ndilo limagwira mpira kuti usasweke. Akadama ndi timibulu tofiira ta dothi lochokera ku phulusa la mapiri ophulika m'chigawo cha Kanto, ndipo timasiya mipata ya mpweya. Muyeso wofala ndi magawo 7 a keto pa magawo 3 a akadama. Mukamvetsa ntchito ziwirizi, simufunikanso kuitanitsa dothi kunja.

Tengani magawo 5 a makande a kudambo, okumba pansi pang'ono, masentimita 15 kapena 20, osati apamwamba pomwe anthu amathira feteleza. Onjezerani magawo 2 a kompositi ya masamba yowolerathu, yosefa, ndi magawo 3 a njerwa yowotcha yophwanya, timibulu ta mamilimita 2 mpaka 4. Fumbi la njerwa litayeni, limatseka mipata. Makala osinja odzaza dzanja limodzi pa beseni laling'ono amathandiza pa fungo. Thirani madzi pang'onopang'ono mukukanda, mpaka dothi likhale ngati nsima yolimba yomwe imaumbika osamata zala. Kuti mudziwe ngati lafika, umbani mpira muugwetse patebulo kuchokera masentimita 30. Ukangophwatalala pang'ono, lili bwino. Ukasweka, makande achepa. Ukamatirira patebulo, madzi achuluka.

Zulani chomeracho, sansani dothi lakale pafupifupi magawo awiri mwa atatu, ndipo dulani ndi sizasi yoyera mizu yonse yakuda ndi yofewa. Muzu wamoyo umakhala woyera kapena wofiirira pang'ono, wolimba mukaufinya. Ngati mungapeze sphagnum, ndere zouma zomwe amagulitsa kwa olima maluwa a orchid, ziviikeni, zifinyeni, mukulunge mizu mopyapyala. Ngati palibe, pitirirani. Kwa spider plant mpira wa masentimita 8 mpaka 10 m'mimba mwake ndi wokwanira. Uumbeni kaye, muugawe pakati ndi zala, muike mizu, mutsekenso. Dothi lisakwirire tsinde kupitirira pomwe linkalekezera kale, chifukwa pamenepo ndi pomwe kuwola kumayambira.

Za ndere. Za pakhoma la bafa zimakhala zazifupi, zamwa sopo ndi laimu wa simenti, ndipo sizisendeka ngati chinsalu. Mukufuna ndere zoyanga, zokhala ndi tinthambi, zomwe mukalowetsa mpeni pansi zimanyamuka zonse pamodzi. Ku Japan amakonda mtundu wotchedwa haigoke. Kuno zofanana nazo zimapezeka pa miyala ya pamthunzi, pa zitsa zakale ndi pa njerwa zakale kumbali yosawomba dzuwa, makamaka m'dzinja. Tengani pamalo panu kapena pomwe mwapempha, tizigamba pang'ono, musiyeko zina kuti zibwererenso. Ku Dzalanyama, ku Zomba pamwamba pa phiri ndi ku Mulanje ndi nkhalango zotetezedwa, kumeneko ayi. Ziviikeni, metani dothi ndi mbali yofiira ya pansi, muzikute pa mpira mbali yobiriwira ili kunja.

Ulusi wa thonje umawola m'miyezi yochepa, ndere zisanagwire. Gwiritsani ntchito wa nayiloni wakuda kapena wobiriwira, kapena twayini yopyapyala ya mbedza. Zungulizani mopingasa mbali zonse ka 20 mpaka 30, molimba koma osacheka ndere, ndipo kumapeto kwake kusomekeni m'dothi ndi kamtengo.

Kuthirira musakuikire tsiku. Nyamulani mpira ukangotuluka m'madzi, dzanja lizolowere kulemera kwake. Ukapepuka kufika pafupifupi theka, uviikeni m'beseni mphindi 10 mpaka 15, thovu likaleka kutuluka muutulutse, muufinye pang'ono, udonthe kwa theka la ola. Nyengo ino yozizira zingakhale kamodzi pa sabata, mu Okutobala masiku awiri kapena atatu aliwonse. Uikeni pa mbale yokhala ndi timiyala kuti usakhale m'madzi. Dzuwa la m'mawa lili bwino, la masana limapsereza ndere, ndipo musaupachike pafupi ndi malata.

Ndikuuzeni zoona: mpweya wa ku Lilongwe kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa ndi wouma kwambiri, ndere zidzafiira ngakhale mutachita zonse bwino. Nthawi zambiri sizinafe, zimabiriwiranso chinyezi chikabwera. Muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo. Ngati simukhala pakhomo masana, kutani mpira ndi ulusi wa khonje kapena makoko a kokonati. Maonekedwe ndi ena, koma chomeracho chimakhala bwinobwino.

Kachere_wa_pa_Bwalo

Za mpira a WakuNazale anena zonse. Ine ndiyankhe la kachere: mutulutseni. Kokedama imasunga madzi, pomwe dothi la bonsai liyenera kutulutsa madzi msanga. Zinthu ziwirizi ndi zapachibale, kokedama imagwirizana ndi njira yakale yotchedwa nearai, yozula chomera m'mphika mizu itadzaza n'kuchiika pa mbale, koma moyo wake ndi wosiyana. Kokedama imafuna kuumbidwanso pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri mizu ikabowola ndere. Bonsai amakonzera zaka zambiri. Ku National Arboretum, munda wa mitengo wa boma ku Washington, kuli paini woyera amene akusamalidwa ngati bonsai kuyambira 1625, anapulumuka bomba la ku Hiroshima mu 1945, ndipo katswiri wa bonsai Masaru Yamaki anamupereka ku America mu 1976. Mtengo umakhalitsa chonchi chifukwa amauzula, kudula mizu ndi kusintha dothi nthawi ndi nthawi, zomwe simungachite bwino mu mpira womangidwa ulusi.

Cholakwa chofala ndi kuthamangira kamphika kakang'ono. Kanthambi kowonda kakalowa m'kamphika kamakhala kowonda zaka ndi zaka, chifukwa thunthu limanenepa pokhapokha mizu ndi masamba zikuchuluka. Choyamba ndi kunenepetsa. Dulani pakati chigubu cha malita 20, bowolani mabowo ambiri pansi, kapena bzalani pansi penipeni kutali ndi nyumba ndi mapaipi, poti mizu ya kachere imaswa simenti. Pansi pa tsinde ikani thailosi kapena mwala wophwatalala, muyale mizu mbali zonse pamwamba pake. Mizu ikalephera kulowa pansi imayanga m'mbali, tsinde limatambasuka, ndipo ndi pamenepo pomwe mtengo waung'ono umaonekera wachikulire. Mizu yoyangayi a ku Japan amati nebari, ndipo oweruza mipikisano ya bonsai amayamba kuyang'ana pamenepo asanaone nthambi.

Musiyeni akule zaka ziwiri kapena zitatu osamudula kwambiri. Lolani nthambi imodzi ya m'munsi italike mopanda malire, imanenepetsa thunthu kuchokera pomwe yamera kupita pansi, mudzaichotsa ntchito yake ikatha. Muyeso womwe ambiri amatsata ndi woti kutalika kwa mtengo kukhale pafupifupi ka 6 kunenepa kwa tsinde. Tsinde la masentimita 4 likupatsani mtengo wa masentimita pafupifupi 24. Likafika pamenepo, dulani thunthu pa masentimita 8 mpaka 10 kuchokera pansi, mu Seputembala kapena Okutobala kukatentha. Kachere amaphuka pa thunthu lopanda masamba, n'chifukwa chake ndi wabwino kwa oyamba. Paini mukamudula chonchi amafa. Utomoni woyera udzatuluka, wazani madzi, umaleka wokha. Pa mphukira zatsopano sankhani imodzi ya pamwamba ikhale mutu, ndipo mukabwereza kudula kotere thunthu limakhala lonenepa pansi, lowonda pamwamba. Thunthu lofanana kunenepa kuyambira pansi mpaka pamwamba silikonzeka ndi waya.

Dothi. Kunja amasakaniza akadama, pumice ndi lava (miyala ya mapiri ophulika), kawirikawiri 2:1:1 pa mitengo ya masamba. Kuno tengani magawo 2 a njerwa yophwanya, gawo 1 la mchenga waukuluukulu wa kumtsinje, gawo 1 la makungwa a paini owola. Zonse zikhale za mamilimita 3 mpaka 6, ndiye mufunika sefa ziwiri, ina yochotsa zikuluzikulu, ina yochotsa fumbi. Njerwa iyeseni kaye: viikani zidutswa usiku wonse, zikasungunuka kapena kufumbutuka m'manja ndiye kuti sinapse, idzasanduka matope m'mphika. Sankhani zija zapafupi ndi moto mu uvuni, zolira mukazigogoda. Dothi labwino mukathira madzi amatulukira pansi m'masekondi ochepa.

Mphika m'litali mwake ukhale pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kutalika kwa mtengo. Mabuku amati kuya kwake kufanane ndi kunenepa kwa tsinde, koma ndi kutentha kwa kuno onjezerani masentimita awiri kapena atatu, apo ayi muzidzathirira katatu pa tsiku mu Okutobala. Oumba mbiya angakuumbireni, auzeni abowole mabowo awiri a masentimita 2 pansi, timabowo tina ta waya, aike timiyendo, ndipo awotche bwino. Pa mabowo ikani gozi ya pawindo kuti dothi lisatuluke ndi chiswe chisalowe. Mangani mtengo ku mphika ndi waya wodutsa pansi. Mtengo wogwedera umadula timizu tatsopano nthawi iliyonse mphepo ikawomba, ndipo ambiri amafa ndi zimenezi eni ake akuganiza kuti ndi matenda.

Pozula, dulani mizu osapitirira gawo limodzi mwa atatu, yambani ndi yolowa pansi, musunge timizu ting'onoting'ono, ndito timamwa madzi. Lowetsani dothi m'mipata ndi kamtengo, thirirani mpaka madzi otuluka ayere, ikani pamthunzi masabata awiri kapena atatu, feteleza ayi kwa mwezi wathunthu. Kachere wamng'ono amafuna kuzulidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse.

Waya akhale wonenepa pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a nthambi. Wa aluminiyamu ndi wosavuta. Wa kopa umayamba wauwotcha pamoto mpaka ufiire kuti ufewe, ndipo umalimbanso ukamapindidwa, ndiye sulola kubwereza. Zungulizani mopendeka madigiri 45, waya mmodzi agwire nthambi ziwiri zoyandikana kuti zikokerane, ndipo popinda ikani zala zazikulu mkati mwa pokhota. M'dzinja kachere amanenepa msanga, waya amatha kulowa m'khungwa pa masabata 4 mpaka 6, ndipo chipseracho chimakhala zaka. Muzimuona masabata awiri aliwonse. Pochotsa dulani waya m'tizidutswa, osamasula, mungathyole nthambi.

Masamba amachepa ndi kudulira. Mphukira ikafika masamba 6 kapena 8, bwezani pa awiri. Mtengo wamphamvu mungaumete masamba onse kamodzi pa chaka, mu Novembala kapena Disembala, kusiya timapesi tokha. Obwera amakhala aang'ono ndipo nthambi zimachuluka. Osachita zimenezi pa mtengo wodwala kapena umene mwangoudula mizu.

Mlambe_wa_Chigwa

Ndikugwirizana ndi achimwene awiriwa, koma pali zina zofunika kuonjezera, ndipo pa chimodzi ndikutsutsa.

A WakuNazale, makande si amodzi. A madambo ena amafufuma akanyowa n'kung'ambika kwambiri akauma, ndiye mayiwa angabwererenso pa vuto lomwelo. Keto imagwira chifukwa ili ndi ulusi wa zomera zowola mkati mwake. Ndiye pa makande oterewa muchepetse akhale magawo 4, muike gawo limodzi la makoko a kokonati kapena sphagnum yodula masentimita 1 mpaka 2. Umbani kampira koyesera, kaume pamthunzi masiku atatu, mukaviike. Kakatuluka kathunthu, pitirizani.

Madzi a pamjigo nawo awaganizire. Ambiri amakhala ndi laimu ndi mchere, ndipo ndere sizimva nazo bwino. Mukaona zoyera zouma pansonga za ndere kapena m'mphepete mwa mphika, ndi zimenezo. Kingani madzi a mvula m'mgolo wotseka, muziwasungira ndere ndi kuwaza. Kachere yekha amapirira a pamjigo bola muzithira ambiri kuti mchere uzitsukika. A pampopi agone m'ndowa usiku umodzi klorini achepe.

Chenjerani ndi makalendala a m'mabuku. Ambiri analembedwa potengera nyengo ya ku Japan, ya malo ngati Omiya ku Saitama, mudzi wa olima bonsai womwe unakhazikitsidwa mu 1925 ndi anthu osamuka ku Tokyo chitachitika chivomerezi cha 1923. Kumeneko amazula mitengo mu Malichi masamba akamayamba kuphuka. Ife tili kum'mwera kwa equator, ndiye Malichi wawo ndi Ogasiti kumapeto kapena Seputembala wathu, ndipo kachere, bwemba ndi bougainvillea zimafuna usiku utafunda kaye. Wozula mu Malichi kuno amapereka mtengo wodulidwa mizu ku nyengo yozizira yomwe mizu simera. Mabuku a ku South Africa amagwirizana ndi nyengo yathu kuposa a ku Ulaya.

Feteleza: yuriya kapena chitowe cha m'munda wa chimanga m'kamphika kakang'ono chimawotcha mizu, ndipo pa ndere chimapha nthawi yomweyo. Pa kokedama ikani feteleza wamadzi wa maluwa, theka la muyeso wolembedwa pabotolo kapena kucheperapo, m'madzi oviikamo, kamodzi pa mwezi kuyambira Seputembala mpaka Epulo. Pa bonsai, masabata awiri aliwonse nyengo yomweyo, dothi litanyowa kale. Dothi la njerwa ndi mchenga lilibe chakudya, ndiye mukasiya kudyetsa masamba amayera. Tizilombo tovuta pa kachere ndi kodikodi, tija toyera tobisala m'makhwapa mwa masamba, ndi nsabwe pa mphukira. Nyerere zikamakwera mtengo, yang'anani pansi pa masamba. Pukutani ndi kathonje konyowetsa spirit, kapena wazani supuni yaing'ono ya sopo wamadzi pa lita imodzi madzulo, mutsuke m'mawa.

Pomwe ndikutsutsa ndi pa maonekedwe. A Kachere_wa_pa_Bwalo afotokoza mtengo wa thunthu limodzi lowonda pamwamba, womwe umathera pa mutu wosongoka ngati mmene amaumbira paini ku Japan. Kachere sakula choncho. Amatambasuka, mutu wake ndi wozungulira wotakata, nthambi zikuluzikulu zimagawanika m'munsi, mizu ina imatsika kuchokera m'nthambi. Ndingakonde mayiwa akadula thunthu asiye mphukira zitatu kapena zinayi zikwere pamodzi n'kutambasuka, m'malo mosankha imodzi. Mizu ya m'mlengalenga imamera chinyezi chikachuluka. Ikangoyamba, iloweni m'kapaipi ka pulasitiki kong'amba m'mbali kodzaza ndere zonyowa mpaka ifike pansi. Olima bonsai a ku South Africa anachita zomwezi ndi mitengo yawo, ali ndi maumbidwe a mutu wophwatalala wa mitengo ya minga omwe amawatchula dzina la wojambula zithunzi Pierneef. Mthethe umalola maumbidwe amenewo, ngakhale minga yake imavuta poika waya.

Mukadzafuna mlambe, malamulo ake ndi ena. Njere ipaleni khungu ndi tupa kapena muiviike m'madzi otentha igone usiku. Kamtengo kamakhala ndi muzu wonenepa wosunga madzi, umene mumaufupikitsa pang'onopang'ono pozula, ndipo bala lake liume masiku angapo pamthunzi musanabzalenso. Masamba akagwa, cha mu Meyi kapena Juni, lekani kuthirira mpaka mphukira zioneke. Milambe yambiri ya m'miphika imafa ndi madzi a nyengo yozizira, tsinde limafewa kuchokera pansi mwini wake osadziwa.

Nachisale_wa_Maluwa

Zikomo kwambiri nonse. Ndamasula mpira wa kachere, mizu yambiri ndi yakuda, yoyera yatsala itatu yokha, masamba anayi. Mwati kuzula n'kwa Seputembala, ndiye ndidikire kapena ndichite pano?

Kachere_wa_pa_Bwalo

Chitani lero, mayi. Za Seputembala ndi za mtengo wamoyo bwino, wanuyu sangafike. Tsukani mizu ndi madzi oyera, dulani yakuda yonse mpaka pomwe mkati mukuoneka moyera, wazani makala osinja pa mabala. Bzalani m'kachitini kakang'ono kobowola, ka theka la lita, m'njerwa yophwanya ndi mchenga waukuluukulu theka ndi theka, popanda kompositi. Chitini chachikulu chimasunga madzi omwe mizu itatu singamwe. Dulani tsamba lililonse pakati kuti asataye madzi ambiri, mangani tsinde ku kamtengo kuti lisagwedere, thirirani kamodzi, kenako vindikirani ndi jumbo yoonekera mkati yobowola timabowo tingapo, yosakhudza masamba. Masana akhale powala koma posawomba dzuwa, usiku alowe m'nyumba, poti usiku wa Juni ndi Julayi ku Lilongwe umatsika pansi pa madigiri 10 ndipo kachere wodwala sapirira. Thirirani pokhapokha sentimita ya pamwamba itauma, feteleza ayi.

Masamba otsalawo akhoza kugwa onse. Palani khungwa pang'ono ndi chikhadabo, mkati mukakhala mobiriwira akadali moyo, mphukira zingachedwe mpaka Ogasiti kumapeto. Zikatuluka, tsegulani jumbo pang'onopang'ono kwa sabata imodzi. Mu chigubu adzalowe mu Okutobala. Nthawi yomweyo mudule nthambi zina zitatu kapena zinayi za kachere wamkulu, zonenepa masentimita 2 mpaka 3, zotalika masentimita 20, muzibzale mu mchenga wonyowa. Zimamera mizu m'masabata 4 mpaka 8, ndipo zikupatsani thunthu lonenepa kale.